Mapulogalamu Awiri a Mayi Zalakhumi

Pasukulu ponse panalibe amene ankawatchula dzina la pa chiphaso chawo. Ana, aphunzitsi, alonda, ngakhale ahedi amene, onse ankangoti a Zalakhumi. Dzinali linayamba kalekale, nthawi ya taipilaita, pamene anthu ankaima pawindo la ofesi kudzaonerera mayi wotaipa ndi zala zonse, maso ali kwina, pakamwa akucheza ndi munthu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anakhala pa desiki lomwelo, pafupi ndi chitseko cha ahedi, ndipo mahedi anayi anabwera n'kupita iwo ali pomwepo. Kompyuta itafika, iwo ndiwo anayamba kuigwira ena akuizungulira ngati njoka. Theka la aphunzitsi a pasukulupo anaphunzira kugwira mausi dzanja lawo lili m'dzanja la amayiwa. Tinene zoona, ntchito ankaidziwa, ndipo ankadziwanso kuti amaidziwa. Chachiwirichi ndicho chinawapweteketsa.

Teremu yachiwiri itangoyamba, ahedi analengeza kuti pulogalamu yolembera makalata ndi mindandanda isinthidwa m'makompyuta onse. Yatsopanoyo inali ndi ubwino wake. Fayilo imodzi inkakhala pa netiweki, aliyense n'kumalembamo ali pa kompyuta yake, ndipo zolembazo zinkaoneka kwa onse nthawi yomweyo. Amene anabwera kudzaiika anali katswiri yemwe sukulu inkamuitana makompyuta akavuta, munthu wofatsa, woyankhula ngati akupepesa. Katswiriyu anali mkamwini wa a Zalakhumi, mwamuna wa mwana wawo woyamba.

Masana ena anasonkhanitsa onse m'chipinda cha aphunzitsi kuti awaonetse kagwiritsidwe kake. A Zalakhumi anakhala kutsogolo, manja atapinda, mutu ukugwedezeka pa chilichonse chimene mkamwiniyo ankanena. Atafunsa ngati pali funso, ahedi anaseka.

"Funsani enafe, bambo. Apongozi anuwa musawawerengere, akhoza kukuphunzitsani ndinu."

Onse anaseka, ndipo a Zalakhumi anaseka nawo, kuposa wina aliyense. Pa zonse zimene zinanenedwa masana amenewo, sanatolepo kanthu.

M'mawa mwake anatsegula pulogalamuyo ali okha. Zinali ngati munthu walowa kukhitchini kwako iwe kulibe, n'kusamutsa mchere, mipeni ndi mapoto, kenako n'kukuuza kuti wakukonzera. Pamene ankadina kuti ajambule mizere panali pena. Pamene ankadina kuti apulinte panalibe. Kalata ya mizere isanu, yoitana makolo kumsonkhano, inawatengera mphindi makumi anayi. Ahedi anasuzumira kawiri, ndipo kawiri konse amayiwa ananamizira pulinta. Thukuta linkatsika kumsana kunja kukuzizira. Mayi amene anaphunzitsa sukulu yonse akafunse ndani? Mphunzitsi amene dzana lomweli ankagwira mausi chozondotsa?

Lamlungu masana anapita kukacheza kwa mwana wawo. Anadikira mpaka mwanayo atatenga khanda kukalisambitsa, ndipo anasendeza mpando.

"Akamwini, kodi yakale ija munaitaya?"

"Iti, amayi?"

"Musandifunse ngati simukudziwa. Pulogalamu."

Mkamwini anakanda pamutu. "Ilipo. Koma ahedi anati tonse…"

"Sindinafunse za ahedi. Kompyuta imodzi singasunge ziwiri?"

"Ingasunge, amayi. Zimakhala bwinobwino, iyi uku, iyi uku, osalimbana. Koma bwanji ndizibwera nthawi ya nkhomaliro kwa sabata imodzi, ndizikuonetsani pang'onopang'ono? Si yovuta ayi."

"Ndani wanena kuti ndi yovuta? Ndili ndi mafayilo akale, basi."

Mkamwini sakangana ndi mpongozi m'nyumba yakeyake. Lolemba anabwera anthu atapita kukadya, n'kubwezeretsa yakale ija pambali pa yatsopano. Kachizindikiro kake anakabisa mufoda imene anailemba kuti Zosiyanasiyana. Asanachoke anaima kumbuyo kwa mpando, chipewa chili m'manja.

"Chimodzi chokha, amayi. Yakaleyi siona za pa netiweki. Mukatenga fayilo kumeneko n'kudzaitsegula muno, imakhala yanuyanu, ngati mwajambula chithunzi. Wina akawonjezera kanthu mawa, inu simuona."

"Ndamva."

Anamva ngati mmene munthu amamvera mvula ali m'nyumba. Maso awo anali kale pa sikirini, pa mabatani awo akale, lililonse lili pamalo pake, ndipo zala zinali zitayamba kuthamanga.

Kuyambira tsiku limenelo a Zalakhumi anakhala moyo wa mitala. Yatsopano ankaitsegula m'mawa n'kuisiya ndi kalata imodzi yomweyo, yoitana makolo ija, kuti izioneka. Ntchito yeniyeni ankagwirira mu yakale. Mkamwini anali atawaonetsa mabatani awiri oti akawadina pamodzi, iyi imabisala iyo n'kubwera pamwamba, ndipo zala ziwiri za kumanzere zinazolowera kugona pamenepo. Anaphunzira mapazi a anthu. Ahedi ankakhwekhwereza nsapato, achiwiri awo ankayamba ndi kutsokomola, alonda ankamveka ndi makiyi. Aphunzitsi akabwera kudzafunsa kuti chakuti chili pati mu pulogalamu yatsopano, amayiwa ankawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Munali kuti tsiku la maphunziro lija? Ine ndikhale mphunzitsi wa aphunzitsi mpaka liti? Kadzifufuzireni."

Aphunzitsiwo ankatuluka akupepesa, n'kumauzana kuti amayi aja akalamba ndi ukali. Iwo ankatsala mtima ukugunda, manyazi akuwaotcha m'makutu. Koma manyazi ongowadziwa wekha amapiririka, ndipo anawapirira.

Mmodzi yekha ankawavuta, madamu a masamu. Anali mtsikana wowonda, wofika chaka chomwecho, akadali pa miyezi yoyesedwa komiti ya sukulu isanamutsimikize pantchito. Ankavala nsapato za mphira zosamveka, ndiye unkangozindikira ali pakhomo akuti, "Mwadzuka bwanji, amayi?" atapinda maondo pang'ono. Pulogalamu yatsopano ankasambiramo ngati anabadwira momwemo, koma sankadzionetsera. Aphunzitsi othamangitsidwa kuofesi aja ankathera kwa iye.

Nthawi yotumiza mayina a ana olemba mayeso omaliza inakwana. Mwambo wake unali wakuti mphunzitsi aliyense alembe ana a m'kalasi mwake, a Zalakhumi asanje ndi kupulinta, ahedi asaine, pepala lipite ku ofesi ya mayeso pofika Lachisanu. Mwana amene dzina lake palibe papepalapo salandira nambala, ndipo wopanda nambala salowa m'chipinda cha mayeso. Chaka chino ahedi ananyadira kuti zonse zichitikira mufayilo imodzi ya pa netiweki.

Lolemba madzulo a Zalakhumi anaona kuti makalasi onse alemba. Anakopera fayiloyo, n'kuitsegula mu yakale, n'kuyamba kuisanja mmene ankachitira chaka ndi chaka: mayina motsatira zilembo, mizere yowongoka, masiku obadwa m'danga lake. Ana makumi asanu ndi atatu kudza atatu. Anawerenga kawiri.

Lachitatu, ali pakati pa kalata ina, anangomva mawu a madamu a masamu pakhomo.

"Amayi, ndawonjezera mwana wa atelala uja. Watuluka m'chipatala, akuti alemba nawo."

Zala ziwiri zija zinalumpha, yakale inabisala. Maganizo onse anali pakuti waona kapena sanaone.

"Chabwino, mwanangu," anatero osatembenuka.

Lachisanu anapulinta mndandanda wawo wa Lolemba uja. Ahedi anauyang'ana, n'kunena kuti ntchito ya amayiwa ili ngati yosindikiza ku fakitale, n'kusaina.

Patatha masabata atatu manambala anabwera. Madamu a masamu anawaitana m'kalasi mmodzimmodzi, ndipo mtsikana mmodzi anatsala ali chikhalire. Lolemba m'mawa mayi wake, telala wa pamsewu wopita kumsika, anafika paofesi tepi yoyezera ili m'khosi, timaulusi titamatirira pa diresi. Sanakuwe. Anangokhala pampando wa alendo muofesi ya ahedi, manja ali pamaondo, n'kufunsa kuti mwana wake walakwa chiyani. Mwanayo anawerenga ali pabedi la chipatala, anatero, mabuku ankamupititsira ndi iyeyo.

Chitseko chinali chotsegula, ndipo a Zalakhumi ankamva zonse ali pa desiki lawo. Atangomva mawu akuti chipatala, Lachitatu lija linabwerera lonse, mawu a pakhomo aja, ndi chenjezo la mkamwini chipewa chili m'manja.

Ahedi anaitanitsa madamu.

"Ndinalemba, bwana. Linali Lachitatu. Mukatsegula fayilo, dzina lilimo."

"Lilimo lero, inde. Ndani akudziwa kuti munaliika liti? Pepala limene ndinasaina ndi ili. Mukuliona dzinalo?"

"Ayi, bwana. Koma ndinawauzanso amayi."

Ahedi anakweza mawu pang'ono. "A Zalakhumi, tabwerani. Mukukumbuka zimenezi?"

Anadzuka. Mtunda wa pakati pa desiki ndi chitseko unali mapazi anayi, ndipo m'mapazi anayi amenewo akanatha kukonza mawu abwino. Anaima pakhomo, maso a anthu atatu ali pa iwo.

"Muofesi muno mumalowa anthu ambiri, bwana. Ine ndimapulinta zimene ndapeza."

Silinali bodza, koma linagwira ntchito ya bodza. Ahedi anatembenukira kwa madamu.

"Mwamva? Amayi awa zaka zonsezi sanasiyepo dzina la mwana ndi limodzi lomwe. Inu mwabwera dzulodzuloli. Kulakwa aliyense amalakwa, madamu, koma kukankhira akuluakulu ndiye ayi."

Madamu anayang'ana a Zalakhumi. Sikunali kuyang'ana kwa mkwiyo, kunali ngati kwa munthu amene akudikira kuti mnzake amalize kuyankhula. Amayiwa anayang'ana kalendala ya pakhoma. Kenako mtsikanayo anazyolika.

"Pepani, bwana."

Ahedi anaimba foni ku ofesi ya mayeso. Kumeneko anati dzina likhoza kuwonjezedwa, koma pofika Lachisanu sukulu ilembe kalata yofotokoza mmene zinachitikira ndi amene analakwitsa. Mayi telala anapuma, n'kuthokoza, n'kunena kuti adzabwera yekha Lachisanulo kudzaona kalatayo ikutuluka. Atachoka, ahedi anauza madamu kuti padzakhalanso kalata yachiwiri, ya chenjezo, ndipo adzasainira pamaso pa wapampando wa komiti, poti komiti inali kukumana Lachisanu lomwelo. Aliyense pasukulupo ankadziwa tanthauzo lake. Mphunzitsi woyesedwa akalandira chenjezo satsimikizidwa, teremu ikatha amalongedza.

Sabata imeneyo a Zalakhumi sanaimve kukoma. Chakudya chimene ankabwera nacho m'kontena ankabwerera nacho. Popita kunyumba anasiya msewu wa kumsika, kuopa kudutsa pakhonde pamene mayi uja ankapalasa makina ake, n'kumazungulira njira ya kuseri kwa garaja, yamatope. Nthawi yopuma ankaona pawindo madamu atakhala pansi pa mtengo ndi mtsikana uja, akumuthandiza masamu amene anamudutsa ali kuchipatala. Ankadziuza kuti mwanayo alemba mayeso, ndiye palibe chaonongeka. Ankadziuzanso kuti madamu ndi wachitsikana, masukulu ndi ambiri, pamene iwo atsala ndi zaka ziwiri kuti apume ndi ulemu wawo. Zifukwa zinalipo zambiri, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinawalowetsa chakudya kukhosi.

Lachiwiri madamu anaima pakhomo.

"Amayi, palibe chimene mwakumbukira?"

"Ndili ndi ntchito, mwanangu."

Lachitatu anabweranso. Sanafunse kanthu. Anapempha sitepula, anaigwira m'manja kanthawi osaigwiritsa ntchito, anaibweza, n'kutuluka.

Lachinayi m'mawa ahedi anaika mapepala awiri olemba pamanja pa desiki la a Zalakhumi, kalata ya ku ofesi ya mayeso ndi kalata ya chenjezo, kuti zitaipidwe. Amayiwa anadikira nkhomaliro n'kuimbira mkamwini kuti abwere msanga. Atafika anatseka chitseko.

"Ichotseni."

"Yakale ija, amayi?"

"Ichotseni yonse, pasatsale fungo."

Mkamwini anakhala pampando koma sanagwire mausi. Nkhani anali ataimva kale, sukulu ilibe chinsinsi.

"Ndichotsa, amayi. Koma pali china choti mudziwe. Fayilo ya pa netiweki imasunga mbiri yake. Imalemba kuti wakuti anawonjezera chakuti, tsiku lakuti, ola lakuti. Ahedi sakudziwa zimenezi. Koma wodziwa akatsegula, apeza kuti dzina linalowa Lachitatu."

"Ndiye mundiulula?"

"Ine? Ayi, amayi. Ndingayambire pati?" Anayang'ana nsapato zake. "Zikavuta, ndikhoza kunena kuti kompyuta inasokoneza. Kapena kuti ndinaika molakwika ndine. Anthu amakhulupirira, poti sadziwa."

A Zalakhumi anamuyang'ana. Munthu uyu anabwera pakhomo pawo zaka zisanu zapitazo atavala jekete lobwereka, ndipo iwo anauza mwana wawo kuti mukwatire ameneyu, alibe chuma koma sanama. Lero anali kudzipereka kunama, kuononga dzina la ntchito yake, chifukwa cha mpongozi woopa kufunsa pamene pali batani. Akanawanyoza bwenzi zili bwino.

"Nanga madamu aja, amayi?" anafunsa motsitsa.

"Zimenezo si zanu."

"Chabwino. Ndichotse?"

Maso awo anagwera pa mapepala awiri a ahedi aja. Makalata a boma, okhala ndi mitu, manambala ndi mizere yosainira. Mu yatsopano akanafika nawo mawa.

"Isiyeni kaye," anatero, mawu akutuluka mokakamiza. "Ndili ndi makalata awiri oti ndilembe."

Mkamwini anadzuka, anawerama pang'ono, n'kutuluka.

Anawalemba. Nkhaniyi ikanakoma tikanati zala zinakana, koma sizinakane. Zinathamanga ngati masiku onse. Zinalemba kuti madamu analephera kulemba dzina la mwana pa nthawi yake, kuti anaonetsa kusasamala, kuti anayesa kukankhira mlandu kwa wantchito mnzake. Pa mawu omalizawa anaima, anavula magalasi, anawapukuta, n'kupitiriza. Anapulinta, anawerenga kawiri monga mwa chizolowezi, n'kuika makalata onse awiri mufayilo yachikasu ya zosaina.

Lachisanu m'mawa mayi telala anali atakhala kale pabenchi la pakhonde, nthawi ino atavala za kokayenda. Wapampando wa komiti, bambo wonenepa wokonda kuyang'ana wotchi, analowa kwa ahedi. Madamu anaitanidwa. Anadutsa pa desiki la a Zalakhumi chikwama chili paphewa, anapereka moni wake wa masiku onse, maondo atapinda pang'ono, n'kulowa.

"Fayilo ija, amayi!"

Anali ahedi akuitana. A Zalakhumi anaitenga n'kukaiika patebulo. Ahedi anatulutsa kalata ya chenjezo, anaitembenuzira kwa madamu, n'kuika cholembera pamwamba pake. A Zalakhumi anabwerera kuchitseko, dzanja linagwira chotsegulira. Ankangofunika kutuluka n'kukoka. Mpaka lero sadziwa chimene chinawaimitsa, kaya unali moni uja, kaya anali mantha a mbiri ya fayilo imene mkamwini ananena. Amafuna kukhulupirira kuti unali moni, koma sangalumbire.

"Bwana."

Mawu anatuluka aang'ono, moti anabwereza.

"Bwana, asasaine. Tabwerani muone kaye kanthu."

Anawatsogolera ku desiki lawo, ahedi, wapampando ndi madamu. Anakhala pansi. Sikirini inali ndi kalata yoitana makolo ija, ya miyezi iwiri yapitayo. Anadina mabatani awiri aja pamaso pa onse, ndipo yakale inatulukira, mndandanda wa ana makumi asanu ndi atatu kudza atatu uli pomwepo, tsiku la Lolemba lili pamwamba.

"Iyi ndi pulogalamu yakale. Ndinauza mkamwini wanga kuti andibwezeretsere, iye anandichenjeza, ine sindinamve. Yatsopanoyi sindiidziwa, bwana. Sindinaidziwepo. Mndandanda ndinautenga Lolemba n'kuusanja muno. Madamu analemba dzina Lachitatu, ndipo anandiuzadi. Ndinayankha kuti chabwino."

Wapampando anaiwala wotchi yake. Ahedi anayang'ana sikirini, anayang'ana amayiwa, ngati munthu amene wakhala pampando wake wa masiku onse n'kupeza mwendo umodzi palibe.

"Inuyo, amayi?"

"Ineyo, bwana."

"Ndipo tsiku lija, nditakufunsani pamaso pa kholo…"

"Ndinkakumbuka."

Ahedi sanakalipe, ndipo kusakalipako kunapweteka kuposa. Anatembenukira kwa madamu n'kupepesa, mawu akugwiragwira, bambo wamkulu kupepesa mtsikana wa msinkhu wa mwana wake. Ndiye panamveka mawu kuchokera pakhomo. Mayi telala anali ataimirira, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

"Pepani, ndamva nawo. Ndiye kuti mwana wanga akanakhala chaka chathunthu pakhomo chifukwa inu munachita manyazi kufunsa? Mayi, ine makina atsopano atabwera ndinakagwada kwa mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kusoka. Sindinafe."

A Zalakhumi anangoyang'ana manja awo pamwamba pa kiyibodi.

Ahedi anati kalata ya ku ofesi ya mayeso ilembedwenso, inyamuke isanakwane thwelofu, ndipo za amayiwa komiti ikambirana. Anatenga wapampando n'kulowa naye mkati, chitseko n'kutsekedwa. Mayi telala anabwerera pabenchi. Muofesi munatsala anthu awiri.

A Zalakhumi anatembenukira kwa madamu.

"Mwanangu, ndakulakwira."

"Ndinkadziwa, amayi."

Anadzutsa mutu. "Unkadziwa chiyani?"

"Zonse. Yakaleyo ndinaiona kalekale, imaoneka pagalasi la kabati kumbuyo kwanuko munthu akaima pakhomo. Sindinaone chifukwa chonenera, ntchito inkayenda. Tsiku la manambala lija ndinatsegula mbiri ya fayilo, ndinapeza dzina langa, Lachitatu, teni koloko."

"Nanga osawaonetsa ahedi bwanji?"

"Pamaso pa kholo? Ndikanakuvulani, amayi. Ndinu msinkhu wa mayi anga. Ndinati amayi angodzidzimuka, akagona anena okha." Anatsegula chikwama n'kutulutsa pepala lopinda panayi, lofewa chifukwa chogwiridwagwiridwa. Linali mbiri ya fayilo ija, yopulinta. "Ndayenda nalo sabata yonse. Ndinabwera Lachiwiri. Ndinabweranso Lachitatu. Lero sindikanasaina, ndikanalitulutsa. Ndinkangopemphera kuti musandifikitse pamenepo."

A Zalakhumi anafuna kunena kuti sanamufikitse, kuti ayankhula okha, koma anaona kuti mtsikanayo sakuyang'ana iwo. Ankayang'ana fayilo yachikasu imene ahedi anatuluka nayo muja, kalata ataibwezeramo, n'kuisiya pakona pa desiki. Anaitsegula, anatenga kalata ya chenjezo, n'kuiwerenga yonse kuyambira pamutu mpaka pamzere wosainira, milomo ikuyenda pang'ono. Atafika pa mawu akuti anakankhira mlandu kwa wantchito mnzake, maso ake anadzaza, koma misozi sinagwe.

"Ndinkadziwa kuti muchedwa kunena," anatero. "Koma sindinkaganiza kuti mufika poilemba."

Anaiika bwinobwino patsogolo pawo, n'kuisalaza ndi dzanja.

"Mwailemba bwino, amayi. Mulibe cholakwika ndi chimodzi chomwe."

Belu la phunziro lachitatu linalira. Madamu anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, anatenga chikwama chake, n'kupita kukalasi.